ZIMBABWE: Kutenthetsa maiwe osambiramo kumaunjika mankhwala otchinjiriza klorini

MACHEKE, Zimbabwe – Eni maiwe osambiramo amene amatenthetsa madzi awo m'nyengo yozizira amakumana ndi vuto limene ambiri sadziwa gwero lake. Pakapita miyezi ingapo madzi amayamba kuchita mbuu ndipo ndere zimamera m'makoma, chonsecho chipangizo choyezera chikusonyeza kuti klorini alimo wokwanira. Kawirikawiri mlandu umagwera wantchito wosamala dziwelo. Koma nthawi zambiri gwero lake limakhala mankhwala ena otchedwa stabiliser, amene amaunjikana m'madzimo pang'onopang'ono, ndipo kutenthetsa madzi kumafulumizitsa kuunjikanako.

Macheke ndi tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Mashonaland East, pamtunda wa makilomita pafupifupi 105 kuchokera ku Harare, pamsewu waukulu ndi njanji zopita ku Mutare. Derali ndi lokwera, mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kukwerako kumabweretsa zinthu ziwiri zimene zimakhudza dziwe lililonse: dzuwa lakuthwa masana, ndi kuzizira kwadzaoneni usiku m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu chimatha kugwa m'madambo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti madzi osatenthetsedwa amazizira moti ndi ochepa amene amalimba mtima kulowamo.

Kwa zaka zambiri dziwe losambiramo linali mbali ya nyumba ya mwini famu m'mafamu a fodya a m'derali. Amene ankalisesa, kulithira mankhwala ndi kuyang'anira pampu anali antchito, ambiri a iwo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ana ndi zidzukulu za anthu amene anabwera pa malole a Ulere kapena kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito lija ankalitcha Mthandizi. Kulanda mafamu kumene kunayamba m'chaka cha 2000, kumene m'dera la Macheke kumakumbukiridwa ndi kuphedwa kwa mlimi David Stevens wa pafamu ya Arizona mu Epulo chaka chomwecho, kunasintha zonsezi. Maiwe ambiri anauma ndi kung'aluka. Amene akugwirabe ntchito m'dziko muno ali kumalo ogona alendo, kusukulu zogonera komweko ndi kunyumba za anthu opeza bwino, ndipo ntchito yowasamala ikugwiridwabe ndi olankhula Chichewa ambiri, monganso zilili ku Harare, ku Lusaka, ku Johannesburg, ku Cape Town ndi m'mahotela a m'mphepete mwa nyanja ku Salima ndi ku Mangochi.

Kwa mwini malo ogona alendo, dziwe lozizira miyezi inayi ndi ndalama zotayika. N'chifukwa chake ena amayala mapaipi akuda padenga kuti madzi azidutsamo ndi kutenthedwa ndi dzuwa, ndipo ena amagula makina otenthetsera a magetsi. Cholinga chimakhala kufikitsa madzi pa madigiri 25 mpaka 28, omwenso ndi muyezo umene bungwe la World Aquatics limalamula pa mipikisano yosambira.

Ambulera ya klorini

Dzina lenileni la stabiliser ndi cyanuric acid. Katswiri wa ku Germany, Friedrich Wöhler, anawapanga mankhwalawa m'chaka cha 1829, ndipo mpaka lero mafakitale amawapanga potenthetsa kwambiri Urea, yemwe uja alimi amabereketsa chimanga. Amagulitsidwa ngati timibulu toyera tonga shuga.

Ntchito yake ndi imodzi. Klorini amapha tizilombo toyambitsa matenda, koma iye mwini amaphedwa ndi dzuwa. Klorini wopanda chomutchinjiriza akakhala padzuwa la masana, theka lake limatha kutha m'ola limodzi lokha, moti dziwe lothiridwa mankhwala m'mawa limakhala lopanda chitetezo dzuwa likamapendeka. Stabiliser amamugwira klorini uja ndi kumusunga kuti dzuwa lisamuphwanye, n'kumamutulutsa pang'onopang'ono pamene amene ali kale pantchito akutha. Kumalo okwera ngati Macheke, kumene dzuwa limabaya, dziwe la panja lopanda stabiliser limadya klorini wochuluka kwambiri.

Vuto ndi loti klorini wogwidwayo sagwira ntchito nthawi imene ali m'manja mwa stabiliser. M'dziwe limene lili ndi mamiligalamu 30 a stabiliser pa lita imodzi ya madzi, klorini woposa magawo 95 mwa magawo 100 aliwonse amakhala wogwidwa, ndipo kagawo kotsalako ndi kamene kamapha tizilombo. Stabiliser akachuluka, kagawo kaja kamacheperachepera. Chipangizo wamba choyezera klorini, chija chimasanduliza madzi kukhala ofiirira, sichisiyanitsa klorini wogwidwa ndi womasuka. Chimawerenga onse pamodzi. Apa ndi pamene wantchito ndi bwana wake amasocherera onse awiri: nambala imaoneka yabwino pamene mphamvu ya mankhwala yachepa.

Makampani opanga mankhwala a m'maiwe amalangiza kuti stabiliser akhale pakati pa mamiligalamu 30 ndi 50 pa lita. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a maiwe osambiramo a m'chaka cha 2006, linati asapyole 100. Malamulo achitsanzo amene bungwe la CDC la ku America linatulutsa anaika malire pa 90, ndipo anati kumene kuli stabiliser klorini asatsike pansi pa mamiligalamu awiri pa lita, pamene kumene kulibe, miligalamu imodzi ndi yokwanira.

Kodi kutentha kumamuulutsa?

Pali zikhulupiriro ziwiri zotsutsana pakati pa osamala maiwe. Ena amati kutentha kumauluza stabiliser pamodzi ndi nthunzi. Ena amati kumamuchulukitsa chifukwa madzi akamaphwa mankhwala amakhathamira. Chikhulupiriro choyamba n'cholakwika. Chachiwiri chili ndi kachoonadi, koma kochepa kuposa mmene ambiri amaganizira.

Stabiliser sauluka. Kuti aphwanyike ndi moto pamafunika kutentha kopitirira madigiri 300, pamene dziwe lotenthetsedwa silifika n'komwe madigiri 35. Madzi akamakwera ngati nthunzi, amakwera okha n'kumusiya stabiliser m'dziwemo, monga mmene ndiwo zikaphwera pamoto mchere umatsalira mumphika n'kuyamba kuwawa. Koma mayi akathiramo madzi ena, mchere uja umabwerera pamene unali. Ndi mmenenso zilili m'dziwe.

Chitsanzo chingathandize. Dziwe la mamita 10 m'litali ndi mamita anayi m'lifupi, lakuya kopitirira pang'ono mita imodzi, limasunga malita pafupifupi 50,000. Madzi ake akatsika ndi masentimita asanu, ndiye kuti malita 2,000 auluka, ndipo stabiliser amene anali pa 50 amakwera kufika pa 52 basi. Wantchito akadzadzanso dziwelo ndi madzi a pamjigo kapena a pampopi, omwe sakhala ndi stabiliser, nambala imabwerera pa 50. Nthunzi payokha siwonjezera kanthu ndipo sichotsa kanthu. Chimene imawonjezera ndi mchere wina wa m'madzi odzadzirawo, makamaka kashiamu, chifukwa dontho lililonse latsopano limabweretsa wake pamene wakale sanachoke.

N'zoona kuti klorini amamudya stabiliser pang'ono, ndipo kudyako kumafulumira madzi akafunda. Koma m'dziwe wamba zimenezi zimangochotsa mamiligalamu ochepa pamwezi, ndipo sizingafanane ndi zimene zimalowa kudzera m'njira ina.

Njira imeneyo ndi mibulu ya klorini.

Zimene zimabisala m'mbulu

Mibulu ikuluikulu yoyera imene imaikidwa m'kabotolo koyandama pamadzi imapangidwa ndi mankhwala otchedwa trichlor mwachidule. Mankhwalawa ndi klorini womangiriridwa kale pa stabiliser. Mbulu ukasungunuka, klorini amagwira ntchito yake n'kutha, koma stabiliser amatsala. Mbulu wa magalamu 200 umasiya m'madzi magalamu pafupifupi 110 a stabiliser, kupitirira theka la kulemera kwake. Pa mamiligalamu 10 aliwonse a klorini amene trichlor amapereka, amasiya mamiligalamu 6 a stabiliser. Mtundu wina wa ufa, wotchedwa dichlor, umasiya 9.

Tsono m'dziwe lija la malita 50,000, mbulu umodzi umakweza stabiliser ndi mamiligalamu awiri ndi pang'ono pa lita. Kumva kwake n'kochepa. Koma mwini dziwe amene amagwiritsa ntchito mibulu iwiri pa sabata amakhala atawonjezera pafupifupi 19 pakutha pa mwezi, ndipo palibe chimene chikuchotsa kupatula madzi otayika potsuka sefa, otayikira kunja ana akamasewera, ndi osefukira mvula ikagwa.

Apa ndi pamene kutenthetsa kumalowerera, ndipo kumalowerera m'njira zingapo nthawi imodzi. M'madzi ofunda ndere ndi mabakiteriya zimaswana msanga, choncho klorini amatha msanga. Anthu amasambamo kawirikawiri ndiponso amakhalitsamo, ndipo thukuta, mafuta odzola ndi mkodzo wa ana zonse zimadya klorini. Mibulu yeniyeniyo imasungunuka mofulumira m'madzi ofunda, moti kabotolo kamene kankatha masabata atatu kamayamba kutha awiri. Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi kalendala. Dziwe losatenthetsedwa la ku Mashonaland limapuma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. M'madzi ozizira kwambiri ndere sizimera msanga, ndipo mbulu umodzi umakhala nthawi yaitali. Dziwe lotenthetsedwa silipuma. Ngati m'masabata 17 a nyengo yozizira likudya mibulu iwiri pa sabata, mibulu 34 imeneyo imasiya stabiliser wokwana mamiligalamu pafupifupi 75 pa lita. Dziwe limene linali pa 40 mu Epulo limafika Sepitembala litapyola 100.

Chomvetsa chisoni n'chakuti miyezi imeneyi ndi yomweyo imene mvula sigwa. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula imasefukiritsa dziwe ndi kusungunula mankhwala mwaulere. M'chilimwe palibe chosungunula. Ndiye pofika Okutobala, mwezi wotentha kwambiri umene anthu amasamba kwambiri, dziwe limakhala litafooka kale, ndipo mwini wake poona ndere amalamula kuti mibulu iwonjezedwe. Kuteroko n'kuthira nkhuni pamoto umene akufuna kuzimitsa.

Zimene zili pachiswe

Ndere zimanyansa m'maso koma si zimene zimadwalitsa. Choopsa ndi tizilombo tosaoneka timene timachoka m'thupi la wosamba mmodzi kupita mwa wina. Mabakiteriya ambiri amafa msanga klorini akakhala ndi mphamvu, koma stabiliser akachuluka nthawi yowapha imatalika kangapo, ndipo m'dziwe la pasukulu kapena pahotela, mmene ana ambiri amalowa nthawi imodzi ndi kumeza madzi, kuchedwako n'kofunika kukuganizira.

Kachilombo kotsekula m'mimba kotchedwa Cryptosporidium kamasonyeza bwino kukula kwa kusiyanaku, chifukwa kamapirira klorini ngakhale kopanda stabiliser. Malangizo amene CDC inatulutsa m'chaka cha 2016 amati munthu wotsekula m'mimba akaipitsa dziwe, klorini akwezedwe kufika pa mamiligalamu 20 pa lita kwa maola 12 ndi mphindi 45. Koma ngati m'madzimo muli stabiliser, ngakhale wosapyola 15, nthawiyo imakwera kufika pa maola 28. Akapyola 15, malangizowo amati madzi ena ayambe atayidwa kaye. Bungwe lomweli limalangizanso kuti stabiliser asagwiritsidwe ntchito n'komwe m'mabafa a madzi otentha aja amafika madigiri 40, mmene mabakiteriya oyambitsa zidzolo ndi matenda a m'makutu amaswana mosavuta.

M'chaka cha 2019 gulu la akatswiri a ku America linafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti chofunika kuyang'ana ndi kugwirizana kwa manambala awiriwa, ndipo linalangiza kuti stabiliser asapose klorini kopitirira ka 20. Mwa kuwerengera kumeneku dziwe la stabiliser 40 limafuna klorini wosachepera 2, pamene la stabiliser 120 limafuna 6. Ndi eni maiwe ochepa amene angakwanitse kusunga klorini pa 6 tsiku ndi tsiku, ndipo amene angayese kutero ndi mibulu yomweyo angakweze stabiliser kopitirira.

Pamene stabiliser amasowa mwadzidzidzi

Nkhaniyi ili ndi mbali ina yodabwitsa. Nthawi zina dziwe lofunda limataya stabiliser yense m'masabata ochepa, ndipo n'kutheka kuti chikhulupiriro chija chakuti kutentha kumamuulutsa chinachokera pamenepa. Chimene chimachitika n'chakuti klorini akatheratu, mabakiteriya a m'dothi amene amalowa ndi fumbi ndi masamba amayamba kudya stabiliser n'kumusandutsa amoniya ndi mpweya. Alimi a chimanga amawadalira mabakiteriya a mtundu umenewu osadziwa: mankhwala opha udzu a atrazine akamawola m'munda amasanduka kaye cyanuric acid, ndipo mabakiteriya a m'nthaka ndi amene amamaliza ntchitoyo. M'madzi ofunda amagwira ntchito mofulumira.

M'chigawo chino cha Africa chimene chimatsegula khomo kwa mabakiteriyawa ndi kuzima kwa magetsi. M'chaka cha 2019 madera ambiri a Zimbabwe ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 patsiku. Mu Novembala 2022 bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti makina a kumwera kwa damu la Kariba aleke kupanga magetsi chifukwa cha kuchepa kwa madzi, ndipo m'chaka cha 2024 anthu a ku Zambia anaona masiku amene magetsi ankayaka maola atatu okha. Pampu ikaima, madzi sazungulira, sefa sigwira ntchito, ndipo dziwe lofunda lophimbidwa ndi chinsalu limasanduka lobiriwira m'masiku ochepa.

Magetsi akabwerera, wantchito amathira klorini koma pakapita ola limodzi amapeza kuti watha. Amathiranso, amathanso. Amoniya uja ndi amene akumudya, ndipo amafuna klorini wochuluka kangapo kuposa kulemera kwake kuti athe. Bwana wosadziwa zimenezi amatha kuganiza kuti mankhwala akubedwa. M'dera limene antchito ambiri amakhala m'nyumba za pamalo a bwana, kuganiziridwa kotere kumatha kuchotsetsa munthu ntchito ndi pogona pomwe.

Kuyeza nakonso kumanamiza

Kutentha kumasokonezanso muyezo weniweniwo. Poyeza stabiliser, madzi a m'dziwe amasakanizidwa ndi mankhwala a melamine, ndipo ziwirizi zikakumana zimapanga timibulu tosasungunuka timene timachititsa madziwo kuyera ngati mkaka wosungunula. Woyeza amathira madziwo m'kabotolo kokhala ndi kadontho kakuda pansi mpaka kadonthoko kataleka kuoneka. Timibulu tomweti ndi timene tinawononga impso za agalu ndi amphaka ambiri ku America m'chaka cha 2007, pamene chakudya chawo chinapezeka ndi mankhwala awiriwa, koma pa mlingo wa m'dziwe stabiliser payekha sapha munthu.

M'madzi ozizira timibulu tija timachedwa kupangika, ndipo muyezo umatsika kuposa mmene zinthu zilili. Wantchito amene wayeza m'mawa wa mu Julayi amatha kupeza 30 pamene m'madzimo muli wochulukirapo, n'kuthiramo stabiliser wina. Makina otenthetsera akayatsidwa, muyezo umakwera, ndipo zimaoneka ngati kutentha ndi kumene kwapanga mankhwalawo. Komanso stabiliser wa timibulu amasungunuka mochedwa kwambiri. M'madzi ozizira amatha kukhala m'sefa sabata yathunthu asanathe kusungunuka, ndipo amene wayeza tsiku lotsatira n'kupeza kuti nambala sinasinthe amathiranso kachiwiri. Njira yopewera zonsezi ndi yosavuta: madzi oyeza atungidwe m'botolo loyera, akhale m'nyumba mpaka atafunda kufika madigiri opitirira 20, ndipo stabiliser akathiridwa padutse sabata asanayezedwenso kapena sefa isanatsukidwe.

Mtengo wake ndi madzi

Stabiliser akachuluka, njira yodalirika yomuchepetsera ndi kutaya madzi ena ndi kuthira atsopano. Masamu ake ndi owawa. Kuti dziwe la malita 50,000 litsike kuchoka pa 120 kufika pa 40, magawo awiri mwa magawo atatu a madzi ayenera kutayidwa, omwe ndi malita pafupifupi 33,000. Banja la anthu asanu, lotunga ndowa imodzi ya malita 20 munthu aliyense patsiku, lingagwiritse ntchito madzi amenewa kwa miyezi pafupifupi 11. Ndipo popeza kuphwetsa dziwe kwambiri nthawi imodzi kumatha kuling'alula kapena kulitukula pamene nthaka yozungulira ili ndi madzi, ambiri amataya pang'onopang'ono, zimene zimafuna madzi ochuluka kuposa pamenepa.

M'chaka cha 2024 atsogoleri a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza motsatizana, mu Febuluwale, Malichi ndi Epulo, kuti mayiko awo ali pangozi chifukwa cha chilala cha El Niño. M'chaka chotere, pamene mijigo ikuphwa ndipo mjigo umodzi ukumwetsa nyumba ya bwana, nyumba za antchito ndi ziweto, kutaya malita 33,000 chifukwa cha mibulu yogulidwa mosawerenga chizindikiro n'kovuta kukuikira kumbuyo. Pamodzi ndi madziwo pamatayikanso kutentha kumene kunalipiridwa: kukweza malita 50,000 ndi digiri imodzi yokha kumafuna mayuniti a magetsi pafupifupi 58.

N'chifukwa chake nzeru yotsika mtengo ndi kusintha mtundu wa klorini nthawi isanathe. Stabiliser akafika pa 40 kapena 50, mibulu ilekedwe ndipo m'malo mwake pagwiritsidwe ntchito klorini wopanda stabiliser: wa ufa wotchedwa calcium hypochlorite, amene ambiri amangomutcha HTH potengera dzina la kampani, kapena wamadzi, kapena makina opanga klorini kuchokera kumchere. Koma dzina la kampani pachitini silokwanira, chifukwa makampani omwewo amagulitsanso mibulu ndi mabotolo oyandama okhala ndi stabiliser. Chofunika kuwerenga ndi timalemba ting'onoting'ono. Mawu oyamba ndi trichloro kapena dichloro, ngakhalenso mawu akuti stabilised, amatanthauza kuti stabiliser alimo.

Klorini wa ufa nayenso ali ndi katundu wake. Amasiya kashiamu, mamiligalamu pafupifupi 7 pa 10 aliwonse a klorini, ndipo kashiamu, mosiyana ndi shuga kapena mchere, amakanirira kwambiri pamene madzi atentha, monga zoyera zija zimamatirira m'ketulo. Malo oyamba kukanirira ndi m'mapaipi a makina otenthetsera. Ku Lusaka, kumene mijigo imakumbidwa m'miyala ya laimu ndipo madzi amabwera ali kale ndi kashiamu wambiri, klorini wamadzi kapena wa makina a mchere ndi amene angathandize. M'madera a miyala ya nsangalabwi yolimba ngati Macheke madzi a pansi kawirikawiri amakhala ndi kashiamu wochepa, choncho ufa uja umavuta pang'ono. Kumeneko choopsa kwambiri kwa makina ndi asidi wa m'mibulu. Mibulu ya trichlor ndi yowawasa kwambiri, ndipo ikaikidwa m'kadengu kamene madzi amalowera popita ku pampu, magetsi n'kuzima, imasungunukira m'madzi ochepa osayenda. Pampu ikayakanso, asidi yenseyo amakankhidwira m'makina otenthetsera n'kudya mapaipi ake a mkuwa.

Chinsalu chophimba dziwe, chija chokhala ndi timatuza ta mpweya, chimathandiza mbali zonse. Kutentha kochuluka kumene dziwe limataya kumapita ndi nthunzi, moti chinsalu chimasunga madzi ndi kutentha komwe. Chimatchinganso dzuwa, choncho klorini amakhalitsa ndipo mibulu yofunika imachepa.

Chenjezo kwa ogwira mankhwala

Kusintha kuchoka ku mibulu kupita ku ufa kuli ndi ngozi imodzi imene wantchito aliyense ayenera kuuzidwa momveka, m'chinenero chake. Trichlor ndi calcium hypochlorite, ngakhale onse amatchedwa klorini ndipo onse ndi oyera, sayenera kukhudzana ali ouma kapena m'madzi ochepa. Akasakanizidwa m'ndowa imodzi, kapena ufa ukathiridwa m'kabotolo koyandama kamene munali mibulu, amatentha, amatulutsa mpweya wotsamwitsa, ndipo amatha kuphulika. Aliyense akhale ndi ndowa yake ndi chotungira chake, ndipo zitini zisungidwe motalikirana, pamalo ouma, kutali ndi asidi wa m'dziwe, petulo, dizilo ndi feteleza. Pamafamu ambiri zinthu zonsezi zimasungidwa m'shedi imodzi. Malangizo a pazitini amalembedwa m'Chingerezi, nthawi zina ndi m'Chiafrikaans, ngakhale kuti amene amazitsegula kawirikawiri amalankhula Chishona kapena Chichewa, zinenero zimene zonse zili m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka ndi malamulo a dziko la Zimbabwe a m'chaka cha 2013.

Mibulu ya m'dziwe siyeneranso kuthiridwa m'madzi akumwa. Timibulu ta Aquatabs timene mabungwe othandiza anagawa kwambiri pa mliri wa kolera wa m'zaka za 2008 ndi 2009, umene unapha anthu oposa 4,000 mu Zimbabwe, timapangidwa ndi dichlor, koma timayezedwa kuti kambulu kamodzi kakwanire chigubu chimodzi cha madzi. Mbulu wa m'dziwe unapangidwira malita zikwi makumi angapo, ndipo kuubenthula ndi mpeni sikungapereke muyezo woyenera.

Klorini amayezedwa tsiku ndi tsiku, koma stabiliser amasintha mochedwa moti kumuyeza kamodzi pamwezi n'kokwanira. Kwa dziwe lotenthetsedwa la ku Mashonaland, miyezo iwiri ndi imene ili yofunika koposa: wa kumapeto kwa Epulo, makina asanayatsidwe, ndi wa kumayambiriro kwa Sepitembala. Ngati wa mu Epulo wafika kale pa 50, nyengo yonse yozizira iyenera kuyendetsedwa ndi klorini wopanda stabiliser. Ngati wa mu Sepitembala wapyola pang'ono, mibulu ikhale kaye m'chitini, ndipo kutaya madzi kudikire mvula ya mu Disembala ndi Januwale, pamene kudzadza dziwe sikudalira mjigo.